Oyembekezera Abwere Kutsogolo

"Lamulo lija ndinalemba ndine, ndi dzanja langali," ankatero a Komiti pakhonde, akulitembenuza dzanjalo kuti aneba awiri amene anabwera kudzapepesa alione mbali zonse. "Madokotala anali atasowa pogwira. Ine ndinangoimirira n'kuti, abale anzanga, katemera wachepa, oyembekezera akhale patsogolo. M'chipinda monse munangoti zii."

Mpongozi wa pakhomopo ankamva zimenezi ali kukhitchini, akutsuka makapu pafupi ndi zenera. Sanaseke. Anangokumbukira zomwe malemu apongozi ake ankanena za mng'ono wawoyu, kuti kumisonkhano yokonzekera mliri wa chimfine ankapita kukaimira amalonda a mumsewu wawo, ndipo ankabwerako ndi botolo la madzi, cholembera chaulere, ndi mawu aataliatali oti akayeserere pa abale. Dzina loti a Komiti anawapatsa ndi akulu awowo, eni ake n'kulilandira ngati udindo.

"Kodi si lamulo lomwelo linawabweza akulu anu pakhomo la chipatala?" anafunsa mmodzi wa anebawo, mawu akutulukira m'kansalu kophimba pakamwa.

A Komiti anabweza dzanja lija m'thumba. Anati nkhani zimenezi n'zozama, n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Panali patangopita masiku ochepa chiwaikire m'manda akulu awo a Komitiwo, a Zidendene. Dzina limeneli linali la ntchito. Moyo wawo wonse anakhala akusoka nsapato m'kachipinda koyang'ana kumsewu, kutsogolo kwa nyumba yomweyi, ndipo munthu ankayamba amuyang'ana kaye kumapazi asanamupatse moni. Pamaliro pawo a zaumoyo analola anthu ochepa kwambiri, moti aliyense ankamva bwinobwino kulira kwa mnzake, n'kuchita manyazi, n'kusiya.

Mmene zinayendera aliyense m'nyumbamo ankadziwa. Katemera woyamba anabwera wochepa. Lamulo linati abayidwe amayi oyembekezera ndi ogwira ntchito m'chipatala, okalamba adikire wachiwiri. Mpongozi anali ndi pakati pa miyezi inayi, ndipo poti mwamuna wake anali kuntchito, a Zidendene ndiwo anamuperekeza. Iye anabwerako ndi kathonje pamkono, iwo anabwerako chimanjamanja. Sipanapite nthawi anayamba kutsokomola. Pamene katemera wa okalamba ankafika, iwo anali gone m'chipatala, kapaipi kali m'mphuno, osazindikiranso aliyense.

Palibe amene anamuloza chala mpongozi. Kungoti akalowa pabalaza nkhani inkatha, maso a anthu n'kutsikira pamimba pake, kenako n'kuthawira kukhoma.

Amayi, akazi a malemu, kulira anali atasiya. Iwo ankafunafuna masandasi. Ankagwada kusuzumira kunsi kwa bedi, kutsegula kabati, kutseka, n'kubwereranso kunsi kwa bedi komwe kuja.

"Ofiirira aja, a malamba awiri," ankauza aliyense wodutsa. "Tsiku la katemera lija bambo wanu anabwera ndi masokosi okha. Wosoka nsapato kuyenda mumsewu ndi masokosi! Ndinawafunsa, akuti ndasiya kwa kasitomala. Kasitomala wake uti? Mwina anakawatenga osandiuza."

"Amayi, mukawapeza mutani nawo?" anafunsa Achemwali, mwana wawo woyamba.

"Ndiwaika pamalo pake."

Mpongozi ankadziwa komwe kunapita masandasiwo. Koma anali atalonjeza kusatchula za tsiku lija, ndipo amene anamulonjezayo sakanathanso kumumasula.

Achemwali anafika kuchokera kumzinda wina m'mawa wa tsiku loika maliro, ndipo pofika madzulo anali atadziwa pokhala makiyi onse kupatula amodzi. Ankagwira ntchito kukampani ya inshuwalansi, komwe anaphunzira kuti ngozi iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo ntchito ya munthu wanzeru ndi kumupeza. Chimfine sakanachiitanira ku ofesi. Choncho ankayendayenda m'nyumbamo, kupukuta matebulo opukuta kale, akuyang'ana woti amufunse.

Masana a tsiku lomwe anabwera aneba aja, Mzime, mwana womaliza wa malemu, yemwe anali mwamuna wa mpongozi, anabwera kuchokera kogulitsa buledi ndi galimoto ya kampani. Analowa kuchipinda chawo cha kumbuyo akununkhira uvuni, n'kukhala pabedi. Anamasula zingwe za nsapato, n'kuzimanganso.

"Achemwali akuti mwina ukapume kaye kwanu," anauza mkazi wake.

"Mpaka liti?"

"Mpaka mitima itsike."

"Mitima ya ndani?"

"Akuti amayi akakuona amakumbukira."

"Amayi anena okha?"

"Amayi akungonena za masandasi."

"Nanga inuyo mukuti bwanji?"

Mzime anayang'ana zingwe zija ngati yankho analimangira momwemo. "Ine ndikuti ulendo wake si wautali kwenikweni."

Kwawo kwa mpongozi kunali ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, mothithikana ndi anthu otsokomola. Chipatala cha kumeneko chinali ndi namwino mmodzi, ndipo kunkamveka kuti nayenso wagona ndi chimfine chomwechi. Zonsezi Mzime ankazidziwa. Ankadziwanso, monga ankadziwira mkazi wake, kuti munthu wotumizidwa kukapuma kawirikawiri amaiwalika kuitanidwa.

"Basi yake ndi ya mawa?" anafunsa mpongozi.

"Akuti ya mawa ndiye sikhala yodzaza."

"Chabwino."

Anadikira kuti mtima umupweteke, koma sunapweteke. Chimwalirire apongozi ake, zinthu zonse ankazimva ngati mawu a wailesi ya kwa aneba.

Pa chakudya chamadzulo a Komiti anakhazika anthu motalikirana, malinga ndi malamulo, iwo n'kukhala pafupi ndi mpando wa malemu, osaukhalira koma akuugwiragwira. M'thumba la jekete lawo munali kiyi wa kachipinda ka nsapato. Anali atalamula kuti kakhale kotseka mpaka tizilombo tonse tife, ndipo tsiku lofera tizilomboto ankalidziwa ndi iwo okha.

"Bambo aang'ono," anayamba Achemwali, "ndamva kuti lamulo lija munalemba ndinu."

"Kulemba kwake, mwanawe, tinalipo ambiri."

"Masana munati dzanja lanu."

"Dzanja langa linalipo."

"Ndiye mundiuze mmene munawerengera. Bambo anali ndi dzina. Anali ndi makasitomala, anali ndi mkazi uyu wakhala apa. Inu munawaika kumbuyo kwa munthu woti sanabadwe n'komwe, woti ngakhale nkhope yake sitikuidziwa. Masamu ake ndi ati?"

A Komiti anaika supuni pansi. Anayamba ndi mawu aataliatali aja, koma ataona kuti palibe akugwa nawo, anatsikira ku mawu a masiku onse. Anati madokotala anawafotokozera kuti chimfine ichi chikamupeza mayi wapakati chimamugwira moipa, poti mapapo ake amakhala opanikizika kale. Mwana amatha kubadwa masiku asanakwane, mwinanso kupita limodzi ndi mayi ake. Jakisoni mmodzi pamenepo amafunditsa anthu awiri.

"Nanga okalamba chimawasisita?"

"Nawonso chimawatenga. Ena m'chipindamo ananena zomwezo. Mayi wina wa kusukulu anati tiyambe ndi agogo, poti ndiwo akufa kwambiri. Bambo wina anati tingochita mayere, aliyense aone mwayi wake, pasapezeke wodzatukwanidwa. Wina anati tikayamba ndi apakati ndiye kuti tikunena kuti mkazi ndi wofunika pokhapokha akanyamula mwana. Tinakangana mpaka tiyi anazizira."

"Kenako?"

"Tinakweza manja."

"Lanu linali m'mwamba?"

A Komiti analiyang'ana dzanja lija, lomwe masana linali lotchuka.

"Linali m'mwamba. Ine ndinkaona amayi apakati ali pamzere. Akati okalamba, ndinkaona okalamba a eni ake. Sizinandibwerere kuti akulu anga ndi okalamba, munthu woti ankanyamula yekha makina osokera." Anapukuta pakamwa. "Mutandibwezera m'chipinda chija lero, sindikudziwa ngati lingakwere. Mwina lingakwerebe. Sindikudziwa."

Achemwali sanakhutire, chifukwa munthu wonena kuti sindikudziwa ndi wovuta kumuimba mlandu. Anatembenukira kwa mpongozi, koyamba chifikire.

"Alamu, inu munali pomwepo. Simukanati abayeni kaye bambo, ine ndine wamng'ono, ndidikira wachiwiri?"

"Samalola kusinthana," anayankha mpongozi. Zinali zoona, ngakhale sizinali zonse.

"Munayesa?"

"Ayi."

Mzime ankatafuna pang'onopang'ono kuti pakamwa pasapezeke mpata. Panamveka galimoto ya odwala ikudutsa mumsewu, ndipo onse anaidikira kuti ipite ngati ikulankhula ndi iwo.

"Mwina ali kuseri kwa firiji," anatero Amayi, n'kudzuka.

M'mawa mwake mpongozi analongedza. Zovala zinakwana m'chikwama chimodzi, pamwamba n'kuika timatewera tomwe anali atayamba kugula. Anafunafuna nsapato zake zakuda, zafulati, zomwe ankavala popita kusikelo, koma sanazipeze. Zinasowa kalekale, apongozi ake asanayambe kudwala, ndipo nthawi imeneyo anaganiza kuti zidzaoneka zokha. M'nyumba ya wosoka nsapato, nsapato zinali zitayamba kusamuka. Anavala patapata.

Pakhonde panali pataunjikana anthu. Mzime anali atanyamula chikwama, Achemwali akuyang'ana nthawi pafoni, ndipo aneba awiri adzulo aja anali atabweranso, akuti kudzaona mmene Amayi adzukira. A Komiti ankawafotokozera kasambidwe koyenera ka m'manja. Amayi anali khale pampando, akuyang'ana mumsewu. Mpongozi anagwada kuti atsanzike, koma asanatsegule pakamwa panamveka kugogoda pachitseko cha kachipinda ka nsapato.

Anali mayi wamtali, wojintcha, atabereka khanda kumbuyo, m'manja muli jumbo.

A Komiti anatsika masitepe ndi mayendedwe a boma. "Mayi, pano patsekedwa mwalamulo."

"Ndikufuna bambo osoka nsapato," anatero mayiyo. "Ali ndi nsapato zanga, ine ndili ndi zawo. Ndachedwa, andikhululukire, ndinali kochira."

Anapisa dzanja m'jumbo n'kutulutsa masandasi ofiirira, a malamba awiri.

Amayi anadzuka. Anatsika okha masitepe, n'kuwalandira ndi manja awiri. Anawatembenuza kuyang'ana kunsi, monga ankachitira eni ake ndi nsapato iliyonse.

"Mwawayendera," anatero.

"Kwambiri, mayi. Palibe china chinkalowa. Ngakhale tsiku lochira ndinapita nditavala omwewa, anamwino ankandiseka kuti ndabera amuna anga." Anaseka, n'kuyang'ana nkhope za anthu pakhondepo, imodzi ndi imodzi. Kuseka kuja kunamuthera. "Eni ake ali kuti?"

"Tinaika," anatero Mzime.

Mayiyo anakhala pansi pa sitepe yomaliza, osafunsa ngati pali fumbi. Patapita kanthawi maso ake anagwera pa mpongozi.

"Inu ndakukumbukirani. Munali nawo tsiku lija."

"Munali nawo pati?" anafunsa Achemwali. "Mayi, bambo athu munadziwana nawo bwanji?"

"Kuchipatala, tsiku la katemera. Ine mapazi anali atatupa ngati mitondo, nsapato zinakana kulowa. Ndinayenda chosavala, nsapato zili m'manja. Pofika pageti anthu anali akutuluka, ine n'kuti basi atseka, ndinangokhala pakampanda kuti ndipume. Ndinangoona bambo akubwera, akuti mayi, mapazi awa si a munthu mmodzi, tiyeni. Anandikoka mpaka kwa namwino. Nditabayidwa bambo aja anandilanda nsapato, akuti azikuza, n'kundivulira masandasi awo. Anandilozera pano. Ine ndikudziwa zomwezo."

"Alamu?" anatero Achemwali.

Mpongozi anali adakagwada pomwe paja. Anayang'ana Amayi, amene anali atakumbatira masandasi pachifuwa. Anaona kuti lonjezo lija latha lokha, ngati nsapato yoti yang'ambika malo osasokeka.

"Ine nditabayidwa, anatiuza kuti tikhale kaye pabenchi, aone ngati sindichita chizungulire," anayamba. "Mzere unali utatha. Namwino anatuluka n'kunena kuti m'kabotolo mwatsala wa munthu mmodzi, ndipo kakatsegulidwa sikagona. Anafuula kuti, pali woyembekezera wina? Oyembekezera abwere kutsogolo! Palibe anayankha. Ndiye bambo anakweza dzanja. Akuti, ine pano anamwino, ndayembekezera kuyambira m'mawa."

Mmodzi wa aneba aja anatulutsa kaphokoso m'kansalu kake, n'kukasandutsa chifuwa.

"Anthu anaseka. Namwino nayenso anaseka, n'kuti bwerani agogo, kusiyana n'kutaya. Bambo anakhala pampando. Anali atapinda kale mkono wa malaya, namwino atapukuta ndi kathonje. Ndiye pakhomo paja pamaoneka kugeti. Mpanda unawabisa mayi awa, ankangooneka mapazi okha kunsi. Bambo anati, dikirani kaye anamwino. Anatuluka. Pobwera anali atawagwira mayi awa padzanja, akuti, anamwino, woyembekezera ndi uyu, ine ndimangodikira."

Mayi uja anapititsa dzanja kumbuyo n'kugwira khanda lake.

"Ine sindinadziwe," anatero. "Ndinkangoti ndi bambo wachifundo wa nsapato. Sindinadziwe kuti jakisoni uja anali wawo."

"Sanali wawo," anatero a Komiti mwachizolowezi. "Malinga ndi lamulo..." Anasiyira pomwepo.

"Nanga bwanji simunanene?" anafunsa Achemwali. "Masiku onsewa?"

"Panjira anandiuza kuti, mpongozi, amayi anu asamve, andimeza wamoyo. Wachiwiri akubwera, ndidzabayitsa ndi agogo anzanga. Atamwalira ndinaona kuti ndikanena ndiye kuti ndawapha kawiri. Bola muzidandaula za lamulo."

"Ndiye anali pampando? Jakisoni ali m'manja mwa namwino?"

"Inde."

Ngozi ija mwini wake anali atapezeka, koma anali kumanda, ndipo ngakhale ali moyo sanali munthu woyankha mafunso. Achemwali anayang'ana foni yawo ngati yalira.

"Komanso katemera sagwira tsiku lomwelo," anatero a Komiti, ulendo uno chapansipansi. "Amatenga nthawi. Mwina anali atachitenga kale. Mwina ngakhale akanabayidwa..."

"Mwina," anatero Mzime.

Palibe anawatola mawuwo. Anangokhala pamenepo pakati pawo, ndipo aliyense anadziwa kuti adzakhalapo mpaka kalekale.

"Chitsiru cha munthu," anatero Amayi. Anazinena mofatsa, ngati dzina lomwe ankawaitanira amuna awo kuchipinda. Kenako anatambasula dzanja. "Alamu, kiyi."

"Alamu, tizilombo tija sitinathe..."

"Kiyi."

A Komiti anapereka.

M'kachipindamo munkanunkhabe guluu ndi chikopa. Kampando ka malemu kanali pamalo pake, kolowa pakati chifukwa cha zaka, hamala ili pambali, chitini cha misomali chili chitsegukire. Nsapato za anthu zinali ndandanda pashelefu, zina zosokedwa, zina zikudikira, zonse zitayera ndi fumbi. Anthu anaunjikana pakhomo, kuiwala zotalikirana, ndipo a Komiti sanawakumbutse.

Pathebulo logwirira ntchito panali mapazi amatabwa, aja ankawalowetsa munsapato yothina n'kumapotokola chitsulo chake pang'onopang'ono mpaka chikopa chigonje. Anali atavala nsapato zobiriwira za munthu wamkazi.

"Ndi zimenezo," anatero mayi uja.

Amayi anapotokola chitsulocho chobweza, n'kuzula matabwawo. Anapukuta nsapatozo ndi mpango wawo. Anamukhazika mayiyo pakampando ka makasitomala, n'kugwada movutikira, n'kumuveka.

Zinamukulira. Mapazi aja anali ataphwa chibadwire mwana, ndipo kuchidendene kunatsala mpata wolowa zala ziwiri.

"Anakuzira mapazi a nthawi ija," anatero mneba wina.

"Palibe kanthu, mayi, ndizivala choncho," anatero mayiyo.

"Pakhomo pano sipatuluka nsapato yogwedera."

Amayi sanasokepo nsapato chibadwire, koma anakhala akubweretsa tiyi m'kachipindamo kwa zaka zambiri, ndipo manja awo anali ataona. Anatenga kachidutswa ka chikopa chofewa, n'kudula tizigamba tiwiri ndi lumo, kupaka guluu, kuuzira kuti aume pang'ono, n'kumata mkati mwa zidendene. Kachigamba kamodzi kanapendekeka. Anakakanikiza ndi chala chachikulu mpaka kanamvera.

"Yendani mpaka pamsewu mubwerere. Eni ake pano salola munthu kuchoka asanayende."

Anthu anapatuka. Mayiyo anayenda mpaka pamsewu, khanda likugwedera kumbuyo, n'kubwerera. Nsapato sizinavuke.

"Ndi zingati, mayi?"

"Mwabweza masandasi. Zatha." Amayi anatembenukira kwa aneba aja. "Mwaona nonse. Malemu analonjeza nsapato, nsapato zaperekedwa. Asadzamveke wina akuti anapita ndi za eni."

"Taona," anatero anebawo.

Mayi uja anaima pakhomo, akusowa kuti achoke bwanji. Anamasula nsalu pang'ono n'kulitembenuzira khandalo kutsogolo kuti Amayi alione. Linali lofiira, lokwinya nkhope, likugona ngati lalipira lendi. Amayi analiyang'ana nthawi yaitali. Sanalinyamule. Anangogwira kaphazi kake kamodzi, n'kukasiya.

"Pitani bwino. Mwanayu musamayende naye m'misewu muno, kunja kwaipa."

Atachoka, Achemwali anakonza kukhosi. "Amayi, basi ija inyamuka."

Amayi sanamve, kapena anamva. Ankasuntha zinthu pathebulo kuti apeze poika lumo, ndipo atachotsa nyuzi yakale anapeza mapazi ena amatabwa. Awa anali atavala nsapato zakuda, zafulati.

"Izi ndi za ndani?"

"Ndi zanga," anatero mpongozi. "Ndakhala ndikuzifuna."

"Khalani apa."

Anakhala pakampando kaja, n'kuvula patapata. Amayi anazula matabwa n'kumuveka. Nazonso zinali zazikulu, phazi linkasewera mkati.

"Zandikulira, amayi. Sizinkandithina n'komwe."

Amayi anakanikiza chala pakakolo pa mpongozi wawo, n'kuyang'ana ngati pasiya dzenje. Sipanasiye.

"Sanayambe kutupa," anatero. "Ayamba miyezi yomaliza. Ine pa Achemwali anuwa ndinatupa mpaka kumalira. Ndinkangoona nsapato zasowa, kenako zapezeka, zikukwana. Ndinkati mapazi aphwa. Mpaka pa Mzime m'pamene ndinamugwira wakubayo."

Anamuvula nsapatozo. Anazibwezera pamatabwa paja, imodzi ndi imodzi, n'kupotokola chitsulo kamodzi kokha, pang'ono, mpaka chikopa chinalira. Kenako anaziika pashelefu yapamwamba, pomwe malemu ankaika ntchito yosafulumira.

"Zikhale pompano mpaka mapazi azipeze."

"Amayi, basi," anatero Achemwali, koma mawu ake analibe mphamvu.

"Iyende bwino. Iwe Mzime, chikwama icho chikutchinga njira, kachibweze kuchipinda."

Mzime anatembenuka msanga ngati munthu amene wakhala akudikira kutumidwa. A Komiti anauza aneba kuti iwo anali ataona kale kuti nkhaniyi ithera pamenepa, ndipo anebawo anavomera ndi mitu, akuyang'ana kwina. Achemwali anatsala chiimire pafupi ndi thebulo. Anatola hamala ya bambo awo, kuiyeza kulemera m'dzanja, n'kuibwezera ndendende pomwe inasiya chizindikiro m'fumbi.

Amayi anatenga masandasi aja. Malamba ake anali atamangidwa pabowo lomaliza, mwa mapazi a mayi uja. Anayamba kumasula kuti abwezere pabowo la eni ake, pomwe chikopa chinali chakuda ndi chopindika, koma anasiya. Anawaika choncho kunsi kwa kampando, moyandikana, zala zitaloza kumsewu.